Nyumba Zakale Zili ndi Mbiri

Tsiku lina ophunzira a sukulu ya kwacha ku Chiwamba anapeza anyamata akugumula khoma la nyumba ina yakale. Anyamatawo ankafuna njerwa zomangira khitchini.

Agogo ena anaima nafunsa kuti, "Ana inu, kodi mukudziwa amene anamanga nyumba imeneyi?"

Anyamata aja anangoyang'anana. Panalibe wodziwa.

Atafika m'kalasi, agogo aja anati, "Aphunzitsi, ife tikadzapita, adzawauze ndani anawa za nyumba ija?"

Aphunzitsi anayankha kuti, "Agogo, pajatu tsopano mukudziwa kulemba. Tiyeni tilembe. Ena anayamba kale ntchito imeneyi."

Bungwe losunga mbiri

M'chaka cha 1946 anthu ena okonda mbiri anayambitsa bungwe lotchedwa Nyasaland Society. Lero dzina lake ndi Society of Malawi. Kuyambira mu 1948 bungweli lakhala likusindikiza magazini ya mbiri ya dziko lathu. Limasunganso mabuku, mapu ndi zithunzi zakale.

Zonsezi amasunga m'nyumba ya Mandala ku Blantyre. Nyumbayi ndi yosanja, ndipo inamangidwa mu 1882 ndi kampani ya African Lakes. Dzina loti Mandala linachokera ku magalasi a m'maso amene John Moir, mkulu wa kampaniyo, ankavala. Mumzinda womwewo muli tchalitchi cha St Michael and All Angels. Anayamba kuchimanga mu 1888 ndipo anachimaliza mu 1891. Njerwa zake anaumba ndi kuotcha ndi anthu akuda, makolo athu.

Zaka zimenezi tikuzidziwa bwanji? Tikuzidziwa chifukwa wina analemba.

Nanga kwathu kuno?

Tisaganize kuti mbiri ili ku Blantyre kokha. Mu 1902 ansembe a White Fathers anatsegula mishoni kuno ku Chiwamba. Sanakhalitse. Mu 1903 anasamukira ku Likuni. Pakanapanda kulemba, nkhani imeneyi bwenzi itaiwalika.

M'madera a Namitete, Nsaru, Kabudula, Mpingu ndi Nambuma mulinso nyumba zakale. Pali matchalitchi, masukulu, mabwalo a milandu, masitolo ndi zigafa za fodya. Zina chiswe chadya kale mitengo yake. Zina zikudontha, ndipo makoma ayamba kung'aluka. Nyumba ikagwa isanalembedwe, mbiri yake imagwera pomwepo.

Tingalembe bwanji?

Ntchitoyi siifuna ndalama zambiri. Pafunika kope, pensulo ndi chingwe choyezera.

1. Yambani mwapempha kwa amfumu ndi kwa eni nyumba.

2. Lembani dzina la nyumba, mudzi ndi tsiku limene mwapitako.

3. Onani zomangira. Kodi ndi njerwa zootcha kapena zidina? Anamangira matope kapena simenti? Denga ndi la udzu kapena la malata?

4. Yezani m'litali ndi m'lifupi. Werengani zitseko ndi mazenera. Nthawi zina chaka chimalembedwa pamwamba pa chitseko kapena pa mwala wa pangodya.

5. Jambulani nyumbayo m'kope. Ngati wina ali ndi foni, atole chithunzi.

6. Funsani akuluakulu awiri kapena atatu, aliyense payekha. Anamanga ndani? Anaumba njerwa ndani? Munkachitika chiyani m'menemo? Akaiwala chaka, afunseni ngati inali njala ya 1949 isanafike kapena itapita. Akasiyana mawu, lembani zonse. Musaonjezepo zanu.

Chenjezo: musakumbe pansi, musachotse njerwa kapena chitsulo. Lamulo la boma limateteza nyumba ndi malo a mbiri. Mukaona malo otere akuonongeka, uzani amfumu kuti akanene kwa DC.

Mawa lake kalasi yonse inapita ku nyumba ija. Anyamata aja ndi amene anagwira chingwe. Agogo anakhala pa mwala, nalemba pang'onopang'ono dzina la bambo awo, amene anasenza nawo njerwa za nyumbayo.

Mafunso

1. Kodi nyumba ya Mandala inamangidwa chaka chanji?

2. Kodi mishoni ya ku Chiwamba inasamukira kuti?

3. Chifukwa chiyani tiyenera kufunsa akuluakulu oposa mmodzi?

Zochita

Kambiranani za nyumba yakale kwambiri ya m'dera lanu. Sankhani tsiku loti mukailembe, ndipo mudzawerenge zimene mwalembazo m'kalasi.