Mafuta m'chiwindi cha munthu wa BP

Tsekani makope, muyang'ane m'mbale muno. Ziwindi ziwirizi ndi za nkhuku. Chofiira moderachi ndi cha nkhuku yakumudzi, yoswera kupalasa ku dzala. Chinachi, chotuwa mwachikasu, chonyenyeka ndikachitsina, chachokera m'thadzi la mazira lomwe lakhala likungodya m'khola. Chadzaza mafuta. Ku France alimi amachita kukakamiza abakha ndi atsekwe kudya chimanga kuti chiwindi chitere, n'kumachigulitsa modula. Mwamva? Chimanga, osati mafuta. Chakudya chimene thupi silinagwiritse ntchito, chiwindi chimachisandutsa mafuta.

Kwa munthu n'chimodzimodzi. Chiwindi chathu, cholemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, chili kudzanja lamanja, kunsi kwa nthiti. Mafuta akaposa magawo 5 pa 100, madokotala amati chadwala. Ambirife timaloza chala kachasu yekha, komatu agogo amumvano amene sanalawepo mowa angathe kudwala. Mu 2023 akatswiri anapatsa matenda amtunduwu dzina latsopano, MASLD, ndipo padziko lonse akuluakulu pafupifupi atatu mwa khumi aliwonse ali nawo.

Nanga BP ikulowapo pati? Awiriwa ndi pachibale, mayi wawo mmodzi. Mimba ikakula ndi mafuta, thupi limayamba kunyozera insulin, yomwe ntchito yake ndi kulowetsa shuga m'minofu. Kapamba amangowonjezera insulin. Insulin yochulukayo imauza chiwindi kuti chipange mafuta, imauzanso impso kuti zisunge mchere. Mchere umasunga madzi, magazi amachuluka m'mitsempha, ndiye namwino akayeza amapeza 140/90 kapena kuposa. Inu akumbuyoko, lembani zimenezo, zibwera pamayeso.

Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi ichi: BP timayeza, koma chiwindi sichilira. Munthu amatha zaka osamva kanthu, mwina kutopa chabe, chiwindi chikutupa n'kumachita zipsera, mpaka kwa ena chimauma. Amachigwira pounika pamimba ndi makina kapena poyeza magazi. Ndipo ambiri odwala matendawa samwalira ndi chiwindicho. Umawatenga ndi mtima kapena sitiroko.

Mwayi wake, chiwindi sichisunga mangawa chikapezedwa msanga. Munthu wa makilogalamu 90 akataya 6 mpaka 9, mafuta amachepa, kutupa kumazilala, BP nayo imatsikako. Achepetse mitanda ya nsima, zakumwa zotsekemera ndi masupuni atatu aja a shuga mu tiyi. Mchere usapose magalamu 5 patsiku, ayende ndawala mphindi 150 pasabata, mowa ausiye. Mankhwala a BP asawaleke yekha, ndipo mizu ya m'mabotolo ya pamsika ija asamale nayo, ina imawononga chiwindi chomwecho.

Ntchito yakunyumba: dulani chingwe chotalika ngati bambo kapena mayi anu, muchipinde pawiri, muwazunguze nacho pamimba, chapamchombo. Chikakanika kukumana, apempheni mwaulemu akafunse za chiwindi akamakatenga mankhwala. Amene wasesa lero, katsuke mbaleyi.