Makina Osemera Matabwa a CNC: Konzani Chithunzi Musanawayatse

Kwa akalipentala ndi amisiri osema a m'boma la Neno

Makinawa ndi otani?

CNC router ndi makina osema zithunzi zotumphuka pathabwa motsogozedwa ndi kompyuta. Mota yake imazunguza biti (kachitsulo kosemera), ndipo bitiyo imayenda cham'mbali, chakutsogolo ndi chakumbuyo, komanso kukwera ndi kutsika. Makina aang'ono otchedwa 3018 amasema malo a masentimita 30 m'litali ndi 18 m'lifupi, okwanira chikwangwani cha okala kapena duwa la pachitseko cha kabati.

Makinawa alibe maso. Amangotsata zimene mwawapatsa, choncho chithunzi chikalakwika pakompyuta, thabwa nalo lawonongeka. Ntchito yaikulu ili pokonza chithunzicho.

Kukonza chithunzi

1. Yambani mwayeza thabwa. Ngati ndi lochindikala mamilimita 25, chithunzi chisazame kupitirira mamilimita 12, kuti kumsana kutsale kolimba.

2. Umbani chithunzicho pakompyuta. Pulogalamu ya Blender ndi yaulere, pomwe Aspire ndi Carveco ndi zogula.

3. Musadalire chithunzi cha pafoni mmene chilili. Pulogalamu ikamachisandutsa chosema, poyera imakwezapo, pakuda imakumbapo. Nkhope ya munthu ingatuluke mano atatumphuka, tsitsi lili dzenje.

4. Gawani kuzama mwanzeru. Tinene kuti mukusema dengu la manachesi. Nachesi lakutsogolo litumphuke mamilimita 10, lakumbuyo 6, masamba 3, milozo ya dengu 1 yokha. Diso la woona lidzakhulupirira kuti dengulo ladzaza.

5. Biti imatsika molunjika, siyingakhote n'kulowa kunsi kwa tsamba. M'mphepete mwa chilichonse mukhale motsetsereka pang'ono.

6. Mzere wocheperapo kuposa nsonga ya biti sudzaoneka. Mitsempha ya tsamba ikulitseni kapena muisiyire tchizulo.

7. Sungani chithunzicho mu fayilo ya STL, kenako pangani G-code, omwe ndi malangizo a kayendedwe ka biti. Onani kaye pakompyuta mmene thabwa lidzaonekere musanalimange pamakina.

Semani kawiri

Ulendo woyamba gwiritsani ntchito biti yaphwatalala kunsonga, ichotse thabwa lambiri pang'onopang'ono n'kusiya theka la milimita. Ulendo wachiwiri ikani biti yobulungira kunsonga yosalazira. Mizere yake italikirane gawo limodzi mwa magawo 10 a kukula kwa bitiyo. Biti ya mamilimita 3 imasuntha mamilimita 0.3 pamzere uliwonse, kutanthauza mizere 600 pathabwa la masentimita 18. Zimadya maola, koma kuthamanga sikufika: mukatalikitsa mizere, mudzachezera ndi sandipepa, ndipo sandipepayo adzafufuta tinthu tating'ono tomwe munavutikira.

Thabwa

Likhale louma bwino, chifukwa laliwisi limapindika. Mbawa ndi mlombwa zimasemeka mosalala, paini amachita ubweya. Phunzirirani pa malaina. Gulani matabwa kwa amene ali ndi chilolezo cha ofesi ya zankhalango. Matumba a makala omwe amandanda m'mbali mwa msewu ku Zalewa akutiuza mmene mitengo yathu ikuthera. Choncho musataye tizidutswa totsala pashedi: makinawa amatha kutisandutsa katundu wogulitsa.

Magetsi

Ngakhale magetsi amapangidwa pafupi nafe, ku Nkula ndi ku Tedzani pamtsinje wa Shire, amathima ndithu. Akathima pakati pa ntchito, makina amaiwala pomwe anali. Lumikizani batire ndi inveta, ndipo chongani pathabwa pomwe biti inayambira.

Dzitetezeni

Valani magalasi ndi chotchinga mphuno, chifukwa utuchi wosalala umalowa m'mapapo. Mangani thabwa zolimba. Musachotse utuchi ndi dzanja biti ikuzungulira, musasiye makina akuyenda okha, ndipo ana asayandikire.

Poyambira

Musathamangire kugula makina. Mutu umodzi susenza denga: pangani gulu, mmisiri wa zaka zambiri akhale pamodzi ndi wachinyamata wodziwa kompyuta. Wodziwa kusema ndiye anganene pofunika kukweza ndi pofunika kukumba. Yambani ndi zilembo, kenako tsamba limodzi, nkhope ibwere pomaliza. Za maphunziro a ntchito zamanja funsani ku TEVETA.