Tikiti ya basi ili m'foni mwanu

Amayi, masiku ano makampani ena a mabasi akuluakulu akugulitsa matikiti pa foni. Mukalipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba, mumalandira uthenga wokhala ndi nambala ya tikiti, mpando wanu ndi nthawi yonyamukira. Uthengawo ndiwo tikiti yanu, musaufufute. Pokwera, kondakitala amaona nambalayo, pena amajambula kachizindikiro ka QR.

Nanga foni ikatha moto muli pa depoti, mudzaonetsa chiyani? Lembani nambalayo pa kapepala, mukamange pansonga ya chitenje. Ngati ulendo ndi wa ku Johannesburg, dzina la pa tikiti lifanane ndi la m'pasipoti.

Akamberembere nawonso sakugona. Lipirani pa nambala yokhayo imene mwaitenga ku ofesi ya kampani, ndipo nambala yanu yachinsinsi musauze munthu, ngakhale atadzitcha kalaliki wa basi.