Mlangizi wa Obwera ku Joni Naye Afunika Womulangiza

Kuyambira masiku a Wenela, amene kulemba kwake anthu kunaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, kufikira lero lino pamene anyamata a ku Namwera, Makanjira ndi Malindi akwera mabasi odzera pa Mwanza, boma la Mangochi silinaleke kutumiza ana ake ku Joni. Ndipo ena mwa iwo, amene anathawa zipolowe za 2008 ndi 2015, kapena anatsekeredwa m'ndende ya Lindela asanabwezedwe, afika kwawo chimanjamanja, osaona tulo, manyazi atawagwira. Namwino kapena mlangizi womva zoterezi tsiku ndi tsiku asazisenze yekha, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Choyamba, pezani wamkulu wozama pa matenda a maganizo, ngati nkotheka wosakhala bwana wanu, popeza pamaso pa bwana munthu abisa pamene wafooka. Akasowa pa chipatala cha boma ku Mangochi, funsani ku Zomba Mental Hospital, mupangane tsiku lokhazikika la msonkhano mwezi uliwonse, ngakhale pa lamya.

Chachiwiri, konzani nkhani ya wodwala mmodzi imene yakuzunguzani yoti mukambirane ndi mkuluyo, mutachotsamo dzina, mudzi ndi tsiku lobwerera, chifukwa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja aliyense adziwa mtchona amene watsika basi.

Chachitatu ndicho chofuna kudekha. Munthu amene anakhala zaka m'dziko la eni wopanda mapepala aopa aliyense wogwira cholembera, ndipo mukayamba kumpanikiza ndi mafunso a momwe anadutsira chipata, adzakuyesani wa imigiresheni, nadzatseka pakamwa. Chotero fotokozerani mkulu wanuyo mafunso amene munafunsa, monga momwe munawafunsira, kuti aone pamene munasiya kuchiza ndi kuyamba kuzenga mlandu. Muuzeninso amene anamasulira Chiyao, pakuti mwamuna sanganene zonse mkazi wake kapena mlamu wake ali womasulira. Wodwala akati avutidwa ndi majini ndipo apita kwa ashehe, musampeputse. Kambiranani momwe mankhwala ndi mapemphero angayendere limodzi. Akapempha kalata yopita nayo ku ofesi ina, lembani zokhazo zimene mwaona ndi kumva, ndipo mkuluyo aiwerenge musanasaine.

Chachinayi, nenani za mtima wanu. Kuno ambiri a ife tili ndi mbale wathu ku Joni, ndipo ngati nkhani za odwala zayamba kukulotetsani kapena kukupsetsani mtima, zimenezo nazo ndi nkhani ya pamsonkhano.

Koma wodwala akatchula zodzipha, kapena zikadziwika kuti anasiya ma ARV ali m'ndende, musadikire tsiku la pangano. Imbirani mkuluyo lamya tsiku lomwelo, ndipo wodwalayo mumtumize kwa dokotala. Zimene mwagwirizana lembani m'buku losungika pobisika, ndipo msonkhano wotsatira uyambe ndi kufunsana ngati zinachitika.