Kachotupa Kolimba Pachala: Malangizo kwa Mabanja

Mayi wina amayamba kukamva akamatonola chimanga, wina akamavula mphete ndipo ikukana kutuluka. Ndi kachotupa kolimba ngati nsawawa, kali pansi pa khungu la chala, kosapweteka. Chifukwa sikapweteka, ambiri amakhala nako chaka chimodzi kapena ziwiri osakaonetsa kuchipatala.

M'chala muli timitsempha tolimba ngati chingwe timene timakoka chala kuti chipindike. Mtsempha uliwonse umayenda m'kachikuto koterera, ndipo kachotupaka kamamera pa kachikutoko. Madokotala amakatcha giant cell tumour. Pa zotupa za m'manja, kamaposedwa kuchuluka ndi kathumba ka madzi kotchedwa ganglion kokha. Kamakonda anthu a zaka 30 mpaka 50, amayi koposa abambo, ndipo kawirikawiri kamabwera pa chala chachikulu, chamkombaphala kapena chapakati, mbali ya chikhatho.

Si khansa, sikafalikira thupi lonse ndipo sikapatsirana. Koma sikatha kokha. Kakamakula kamazungulira mtsempha, kamapanikiza mitsempha yomvera mpaka chala kuchita dzanzi, ndipo nthawi zina kamadya fupa pang'onopang'ono.

Musakaboole ndi singano, musatemepo mphini, musakafinye. Mkati mwake mulibe mafinya kapena madzi oti atuluke, muli mnofu wolimba wachikasu. Chimene mungapeze pokaboola ndi bala loti litukusire, ndipo mafinya akalowa m'kachikuto ka mtsempha chala chingaume osapindikanso. Kuthowa ndi madzi otentha ndi kupaka mafuta n'kungotaya nthawi.

Pitani kuchipatala chapafupi ndi buku lanu la kuchipatala, akutumizeni kwa a mafupa ku chipatala cha boma lanu. Iwo adzakagwira, mwina n'kukaunika ndi tochi: kathumba ka madzi kamawala, koma kachotupa aka sikalola kuwala kudutsa. Angajambule fupa ndi ekisireyi kapena kuona ndi sikani. Ngati kalowerera kwambiri, amatumiza ku zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu.

Mankhwala ake ndi opaleshoni. Nthawi zambiri sagoneka munthu tulo, amabaya jakisoni wa dzanzi n'kukachotsa mosamala, kupewa kudula mitsempha. Kamene achotsako kayenera kupita ku labotale, chifukwa ndi kumeneko kumene amatsimikiza dzina la nthendayo. Funsani tsiku lodzamva zotsatira, musachite manyazi.

Ulusi wosokera bala amachotsa pakatha masiku 10 mpaka 14. Masiku amenewo dzanja likhale louma ndi lokwezedwa. Apa tikupempha apabanja: kuchapa, kusinja ndi khasu mumulandire wodwalayo. Adokotala akakuuzani kuti muyambe kupinda ndi kuwongola chala, chitani tsiku lililonse ngakhale pakupweteka pang'ono, apo ayi chidzakhala chouma.

Kachotupaka kali ndi khalidwe lobwerera, makamaka ngati kanali kakakulu kapena kanakhudza mfundo ya chala, pakuti kachidutswa kakang'ono kotsala kamaphukanso. Kubwerera kwake si chizindikiro choti mwalodzedwa. N'chifukwa chake kubwera kuchipatala kakadali kakang'ono kuli bwino: dokotala amakachotsa konse mosavuta.

Ngakhale bala litapola, muzipapasa pachipserapo kamodzi pamwezi. Mukamva kolimba kakuyambanso, kapena chotupa chilichonse chikamakula msanga, kupweteka usiku kapena kuphulika, musadikire tsiku limene anakulemberani m'buku. Pitani sabata yomweyo.