Phunziro 4: M'mawa Wabwino Umakonzedwa Madzulo

Cholinga: Kuona momwe kusintha pang'ono zochita zathu za madzulo kungachepetsere nkhawa za tsiku lotsatira.

Werengani ndime izi mosinthana, kenaka mukambirane awiriawiri.

Abwenzi okondedwa, ambiri a ife timadzuka titachedwa kale. Mu ndowa mulibe madzi, yunifolomu ya mwana sinaume, makala atha, ndipo minibasi sidikira munthu. Pofika 7 koloko timakhala talankhula kale mawu owawa kwa munthu amene timamukonda.

Chipwirikiti chotere nthawi zambiri chimayamba usiku wadzulo lake. Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo. Akamapereweza tulo masiku otsatizana, amaiwalaiwala, amapsa mtima msanga, ndipo ntchito yaing'ono imamudyera nthawi.

Nazi zinthu zitatu zosafuna ndalama:

1. Tiyi wamasamba, khofi ndi Coca-Cola zili ndi kafeini, amene amathawitsa tulo. Pakatha maola 5, pafupifupi theka lake limakhala lidakali m'thupi. Kapu yomaliza ikhale ya masana.

2. Ola limodzi musanagone, ikani foni patali ndi pogona. Uthenga umodzi wa pa WhatsApp umaitana unzake mpaka pakati pa usiku.

3. Lembani zinthu 3 zofunika kwambiri za mawa, ndipo konzeranitu madzi, zovala ndi ndalama yoyendera. Chimene chalembedwa, mutu umaleka kuchizunguliza.

Musayambe zonse nthawi imodzi. Sankhani chimodzi, muchilumikize ndi chimene mumachita kale tsiku lililonse, monga kutsuka mbale za chakudya chamadzulo. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Izi sizibweza ngongole kapena kuchiritsa wodwala, koma munthu amene wapuma amakumana ndi mavutowo ali ndi mutu wozizira. Ngati tulo tikukusowani kwa milungu ingapo, pitani kuchipatala.

Mafunso:

a. Ndi nthawi iti ya tsiku imene mumapsa mtima kwambiri? Chimayambitsa n'chiyani?

b. Kwanu ntchito za madzulo zimagwera ndani? Kodi iyeyo amagona maola angati?

c. Mungagawane bwanji ntchitozo kuti aliyense apume?

Zochita: Uzani mnzanu chinthu chimodzi chimene mwasankha. Chiyeseni masiku 7. Tikakumananso, aliyense adzafotokoza chimene chatheka ndi chimene chavuta.