Chomera chomwe chimamwera m'masamba

Anzanga, mukaona Tillandsia pawindo popanda dothi, musadabwe. Chomerachi kwawo ndi ku Mexico ndi ku South America, ndipo ndi m'bale wa chinanazi. Mizu yake ndi yongogwirira pamtengo basi. Madzi chimamwera m'timamba totuwa ta pamasamba, totchedwa ma trichome.

Ine ndimachiviika m'madzi a mvula kwa mphindi 20, kamodzi pa sabata. Kenako ndimachikutumula n'kuchizondotsa kuti chiume pasanathe maola 4, chifukwa madzi akatsalira pakati pa masamba chimawola.

Timabowo ta masamba ake timatseguka usiku kuti chikoke carbon dioxide osataya madzi ambiri. Choncho muzichiviika m'mawa, pofika usiku chikhale chitauma. Chiikeni powala, koma osati padzuwa loswa mtengo.